Mbiri ya Chiphunzitso Cholamitsa pa Gombe Lathu Lino



Pamene akulu a mpingo anagawa nchito ya kabuku aka ka Jubile, ena anapatsidwa kulemba za nyumba ya Mulungu ndi anthu amene anaumba njerwa zake, ena za chipatala, ena za sukulu. Koma ine anandiuza kuti ndilembe za chiphunzitso. Poyamba ndinada nkhawa, pakuti njerwa ziwerengeka, ndi maina a odwala alembedwa m'buku, koma chiphunzitso sichigwirika ndi manja. Tsono nditakhala pansi ndi kukumbukira zimene ndinamva kwa makolo, ndi zimene ndawerenga, ndinaona kuti nyumba zonsezi zinamangidwa chifukwa cha mau ena amene anthu anawakhulupira, ndi kuti kangapo konse anadza alendo ofuna kutisinthanitsa mau amenewo ndi ena ozuna koposa. Ndiyo mbiri imene ndifuna kuilongosola pano, monga momwe ndikhoza.

Mmene Mau anafikira kuno

Dr. David Livingstone anaona nyanja yathu mwezi wa Sepitembala 1859, atakwera ndi mtsinje wa Shire, nafika kuno kumwera kumene madzi atulukira. Anapeza dziko la anthu ambiri ndi la nsomba zambiri, koma njira ya akapolo inalikudutsa pakati pake. Chifukwa cha kudandaula kwake anthu a ku Oxford ndi ku Cambridge anayamba misoni ya U.M.C.A., natuma Bishopu Charles Mackenzie, amene anamanga ku Magomero mu 1861, namwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862. Nchito ija inaoneka ngati yafera m'mazira.

Pa 12 Okutobala 1875 kasitima ka Ilala kanalowa m'nyanja, Mfumu Mponda itawalola kupyola, ndipo a ku Scotland, ndiwo E. D. Young, Dr. Robert Laws ndi anzao, anamanga ku Cape Maclear. Manda ao alipo kufikira lero patsinde pa phiri, ndipo mwa iwo agonamo muli Dr. William Black, ndi Shadrach Mngunana, mphunzitsi wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, onse awiri omwalira mu 1877. Anakhala zaka zisanu ndi miyezi isanu asanabatize munthu. Woyamba ndiye Albert Namalambe, pa 27 Malichi 1881, ndipo misoni itasamukira ku Bandawe chaka chomwecho, iye ndiye anatsala kusunga nchito ya ku Cape Maclear. Ansembe a Katolika, aja a mikanjo yoyera, anafika kwa Mponda kumapeto a Disembala 1889, naphunzitsa ana pakati pa nkhondo ndi matenda, nachoka mu 1891, chaka chomwe Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston, kumene kunachokera Boma lathu la Mangochi.

A U.M.C.A. anabwera kunyanja podzera kum'mawa. William Percival Johnson anakhala kwa Mataka ku Mwembe mu 1880, napirikitsidwa chaka chotsatira, nafika pa gombe. Mu 1885 a U.M.C.A. anatsegula Likoma, ndipo pambuyo pake sitima ya Charles Janson inayamba kuyendera midzi. Bishopu Chauncy Maples, atachokera kuno kumwera kunka ku Likoma kukayamba ubishopu wake, anamira pa 2 Sepitembala 1895, namondwe atagubuduza bwato lake, naikidwa ku Nkhotakota. Chaka chotsatira, 1896, misoni ya kwa Mponda inatsegulidwa, ndi pambuyo pake ya ku Malindi, kumene kunakhala amisiri a sitima, chipatala cha St Martin, ndipo m'zaka zina sukulu ya aphunzitsi ya St Michael, imene inayambira ku Kobwe. Tiyeneranso kukumbukira ansembe a khungu lathu, monga Yohana Abdallah wa ku Unangu, Augustine Ambali wa ku Msumba, ndi Leonard Kamungu, amene anamuka ku Msoro m'dziko la Zambia namwalira komweko mu 1913. Onsewa anataya zambiri, ena moyo womwe. Ndipo munthu sataya moyo wake chifukwa cha mau amene awayesa olingana ndi ena onse.

Chifukwa chake anachedwa kubatiza

Ana a lero azizwa akamva kuti kale ubatizo unali wa zaka, osati wa masabata. Munthu akafuna Chikristu ankayamba wakhala womvera, namamva mau ali kumbuyo kwa anzake. Akaonetsa khama, wansembe ankamveka kamtanda m'khosi pamaso pa mpingo, nakhala wophunzira. Ndipo kufikira tsiku la ubatizo wake sankakhalira Misa yonse, koma ankatuluka utatha ulaliki. M'zaka zimenezo ankaphunzira Chikhulupiriro, Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye ndi za Masakramenti, ndipo mudzi wonse unkapenya mayendedwe ake. Mabuku nawonso anadza pang'onopang'ono: Baibulo la Chinyanja cha ku Likoma, nchito ya Johnson ndi anzake, linatha mu 1912, ndi Buku Lopatulika mu 1922.

Sitinena kuti zonse za masiku aja zinali zolungama. Ena anadikira nthawi yaitali koposa muyeso, nafa asanabatizidwe. Ena mwa Azungu anachedwa kukhulupira anthu akuda pa maudindo. Koma pa chinthu chimodzi anaona bwino, ndicho chakuti kuongola mtengo mpoyamba. Munthu wolowa m'madzi a ubatizo osadziwa amene wampatsa moyo wake, tsiku la tsoka adzafuna wina wompatsanso.

Chikhulupiriro chimene tinena Lamulungu liri lonse chinabadwa m'mlandu wotere, ndipo mlanduwo unayamba m'Afrika muno. Ku Alexandria, m'dziko la Ejipito, kunali wansembe dzina lake Arius, amene anaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndiye wolengedwa, wamkulu ndithu koposa zolengedwa zonse, koma wosalingana ndi Atate. Anali munthu wa pakamwa pokoma, ndipo anaika chiphunzitso chake m'nyimbo, kotero kuti amalinyero a padoko ankachiimba pa nchito. Mabishopu anasonkhana ku Nicaea mu 325, nakana mau ake, nabvomereza kuti Mwana ndiye Mulungu weniweni monga Atate. Ndipo msonkhano wa ku Constantinople wa 381 unatsimikiza ndi kukwaniritsa mau amenewo. Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, anapirikitsidwa pa mpando wake kasanu chifukwa cha kukana kusintha kanthu m'menemo.

Kapena wina adzati, Mlandu wa anthu ophunzira uwu ukhudza bwanji msodzi wa ku Makawa kapena mai wogulitsa usipa ku Namiasi? Ukhudza motere. Ngati Kristu ali wolengedwa, ndiye kuti ali mphamvu imodzi mwa mphamvu zambiri, ndipo munthu wanzeru adzachita bwino kuonjezapo ina, ya m'nyanga kapena ya m'botolo, kuti ikalephera iyi igwire iyo. Koma ngati ali Mulungu mwini, palibe kanthu koonjezapo, ndipo palibe mdima umene uli kunja kwa ulamuliro wake. Mayeso onse amene ndidzatchula pansipa anagunda pa mfundo yomweyi.

Chaka cha 1914

Yeso loyamba lalikulu linagwa kumpoto, koma mbiri yake inayenda ndi sitima ndi anthu a ulendo kufikira kuno. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Livingstonia, anakomana ndi Joseph Booth ku South Africa, nalandira mabuku a Charles Taze Russell wa ku America. Anabwera kwao kumapeto a 1908, nalalika kuti mu 1914 maufumu a dziko adzatha, msonkho udzaleka, ndi Ufumu wa Kristu udzaoneka. Sanafunse zaka za kuphunzira, kapena ndalama ya sukulu. Ndipo m'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linamchotsa m'dziko mu 1909, ndipo sanaloledwe kukhalanso kwao kufikira 1937.

Tisafulumire kuseka anthu aja. Madandaulo ao anali oona: msonkho unali wolemera, amuna analikutha kunka ku migodi, ndi khomo la mpingo linali lopapatiza. Chiphunzitso chosokeretsa sichimera pa thanthwe, chimera pa chilonda. Koma 1914 itafika, chimene chinadza ndi nkhondo. Mwezi wa Ogasiti sitima ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ku Liuli, ndipo mfuti yake iri pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Boma pathu. M'malo mwa kutha kwa msonkho kunadza tengatenga, ndipo amuna ambiri anafera pa njira ali ndi katundu pamutu. Ambuye mwini adanena poyera kuti tsiku la chimariziro silinapatsidwe kwa munthu kulidziwa. Iye amene adaphunzira mau amenewo m'kalasi sanagwe mphwayi pamene tsiku lolonjezedwa linapita.

Choopsa koposa chinachitika mu 1925. Tomo Nyirenda, wa dziko lathu lino, amene anaphunziranso ku Livingstonia, anayamba kubatiza pakati pa Alala m'dziko la Zambia, nadzitcha Mwana Lesa, ndiko kunena Mwana wa Mulungu. Anaphunzitsa kuti ubatizo uzindikiritsa mfiti, pakuti mfiti simira bwino m'madzi. Ndipo amene anawayesa mfiti anawamiza kufikira kufa. Kumeneko ndi ku Katanga anaphedwa anthu oposa zana limodzi, ndipo iye ananyongedwa mu 1926. Taonani, abale: madzi anali omwewo, dzina lotchulidwa pa madziwo linali lomwelo, chimene chinasinthika ndi chiphunzitso chokha, ndipo sakramenti la moyo linasanduka mwabvi.

Mchape wa 1933

Yeso limene linalowa m'nyumba zathu zenizeni ndilo mchape. Masiku amenewo anali a usiwa: mitengo ya fodya ndi thonje inagwa, nchito inasowa ku Halale, dzombe linadya minda, ndipo chiyambire lamulo la Boma la 1911 loletsa mwabvi ndi kutchula munthu mfiti, anthu ambiri ankati Azungu atchinjiriza mfiti. Pamenepo kunabuka anyamata obvala bwino, onena kuti atumidwa ndi munthu wa ku Mulanje dzina lake Kamwendo, amene ankati anafa nauka kumanda ali ndi mankhwala otsuka dziko. Mu 1933, m'masiku a Bishopu Gerald Douglas, anafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, napitirira ku Tanganyika ndi ku Zambia. Akafika pa mudzi ankayamba ndi ulaliki wotchula Mulungu. Atatero ankandandalika anthu, nawapenya m'kalilole mmodzi mmodzi, nalamula kuti nyanga ndi zithumwa zonse ziunjikidwe pa mphambano. Potsiriza yense ankamwa mankhwala ofiira, ndi lonjezo lakuti wakumwa akabwerera ku ufiti adzafa, ndi kuti imfa za ufiti zatha m'dziko. Ankagulitsanso timankhwala tina totchinjiriza thupi ndi munda.

Agogo anga, amai a mai wanga, anali buthu chaka chimenecho, ndipo nkhani iyi anandiuza kawiri kawiri tiri pa mkeka. M'mudzi mwao munali kasukulu ka udzu ndi mphunzitsi mmodzi. Amchape atafika, mudzi wonse unamwa, Akristu ndi akunja omwe, ndi makolo a agogo anga omwe, amene adabatizidwa kale. Anati m'mtima mwao, Kodi anthu awa satchula Mulungu? Kodi satentha nyanga, monga Padre atiuza? Choipa chiri pati? Mphunzitsi yekha ndi mkazi wake anakana. Nyakwawa inamuitana pabwalo niti, Aphunzitsi, ngati m'thumba mwanu mulibe kanthu, muopanji kumwa? Iye anayankha nati, Mfumu, ine ndinasambitsidwa kale tsiku la ubatizo wanga. Ndikamwa ichi, ndiye kuti ndanena pamaso pa ana awa kuti kusamba kuja kunali kwachabe. Kuyambira tsiku lomwelo ana analeka kudza kusukulu, ndi akazi analeka kupala moto kwa mkazi wake.

M'mudzimo munalinso nkhalamba ina yamasiye, yopanda mwana wamoyo. Kalilole anaigwira, ndipo patsindwi pake anapeza kanyanga. Agogo ankanena kuti munali fodya wa pamphuno, ndi kuti mudzi wonse unkadziwa chimenecho. Inamwa monga anzake, amchape nalandira zao napita. Mvula itagwa, malungo anadza monga adza chaka ndi chaka, ndipo mwana wina anamwalira. Tsono anthu anathedwa nzeru, pakuti adalonjezedwa kuti imfa zotere zatha. Sanati, Atinyenga; anati, Alipo wina amene sanameze. Usiku anatentha nyumba ya nkhalamba ija, ndipo ikadafera kuthengo mphunzitsi akadapanda kuitenga ndi kuisunga m'khitchini mwake kufikira imfa yake.

Padre atafika pa ulendo wake, Akristu onse akumwa anaimitsidwa pa Mgonero, nakhala kumbuyo pamodzi ndi ophunzira miyezi yambiri, kufikira ataulula ndi kulapa. Agogo ankati atate ao sanachite manyazi ndi kukhala kumbuyo. Chimene chinawasautsa kufikira ukalamba ndicho chakuti usiku wa moto uja anamva kukuwa, osatuluka m'nyumba. Ndipo ankaonjeza mau ena amene ndifuna akatekisiti awasunge: kuti mphunzitsi uja pambuyo pake anadzitsutsa yekha, nati, Ndinawaphunzitsa zimene Mulungu aletsa, koma sindinawaphunzitse mokwanira chimene achite ndi mantha ao. Kuyambira pamenepo sanalole maliro kapena matenda kupita m'mudzimo osakafikako iye ndi buku lake la mapemphero.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mchape unafanana ndi Chikristu m'zambiri, ndipo chifukwa chake unanyenga osankhidwa omwe. Koma unaphunzitsa kuti choipa chiri mwa mnansi wako, pamene Uthenga uti chiri mu mtima wako. Unati chiyero chimwedwa tsiku limodzi, pamene Uthenga uti chidza ndi kulapa ndi chisomo. Ndipo lonjezo lake litalephera, mtengo wake unalipidwa ndi munthu wosauka koposa onse m'mudzi.

Za masiku athu

Wina angayese kuti izi nza kale, za anthu osadziwa kuwerenga. Iai. Mu 1947 kunamveka Bwanali, ndi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu ankayenda maulendo atali kunka kwa Chikanga ku Rumphi. Ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu chaka cha 1995, pamene Edzi inalikutha anthu ndi mankhwala ake kunalibe m'zipatala zathu. Bambo Billy Goodson Chisupe, wa m'mudzi wa Chikamana pafupi ndi Liwonde, ananena kuti analota mtengo wochiza nthendayo, ndipo anthu anautcha mchape, dzina lakale lija. Malole ndi mabasi ankadzaza pa mseu wa ku Liwonde usana ndi usiku, ndipo owerengera ena anati anthu amene anamuka kumeneko anafika 300,000. Mkuluyo sankalipiritsa, ndipo sanadzitche mphunzitsi wa Eklesia. Ine sindimuika pa mlandu wa Akristu. Chimene ndikumbutsa ndi ife eni: kuti ambiri tinachoka m'nyumba ya Mulungu Lamulungu ndi kukwera lole Lolemba, osafunsa kanthu, ndipo ena pobwera anadziyesa otsukidwa, naleka kudzisunga. Maliro sanaleke. Anayamba kuchepa pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma mu 2004.

Lero mchape wabvala jekete, nugwira Baibulo m'dzanja. Tamva za madzi ndi mafuta ogulitsidwa m'timabotolo ndi dzina la Yesu. Za mbeu ya ndalama imene munthu auzidwa kufesa kuti Mulungu amumvere. Za odwala ouzidwa kutaya mankhwala a kuchipatala kuti aonetse chikhulupiriro. Za maulosi otchula amai ake a munthu kapena apongozi kuti ndiwo anamanga mwai wake. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinai zinaphedwa mtsikana atafa ndi mphezi. Ndi ku Kenya, m'nkhalango ya Shakahola pafupi ndi Malindi wina wa kumeneko, chiyambire 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anaphunzitsidwa kusala chakudya kufikira imfa kuti akaonane ndi Yesu. Ambiri mwa iwo anali ana. Simoni wa ku Samariya, amene anafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, Petro namdzudzula, ali ndi zidzukulu zambiri.

Chenjezo la mbali yina

Koma pano ndiyenera kuchenjeza inu ndi ine ndemwe, pakuti changu cha pa chiphunzitso chiri ndi msampha wakewake. Si yense wosiyana nafe ali mphunzitsi wonama. Mu 1913 amisoni a mipingo yosiyana anasonkhana ku Kikuyu m'dziko la Kenya, nadyera pamodzi Mgonero. Ndipo Bishopu Frank Weston wa ku Zanzibar, wa U.M.C.A. yathu yomwe, anasumira mabishopu a ku Mombasa ndi ku Uganda kwa Arkibishopu wa ku Canterbury kuti asokeretsa Eklesia. Anali munthu woyera mtima ndi wokonda anthu akuda, ndipo anaopa moona kuti Akristu atsopano angayese kuti chiphunzitso chiribe kanthu. Koma Weston yemweyo, pa msonkhano wa ku Lambeth wa 1920, anali mmodzi wa iwo amene analimbika kuitana Akristu onse ku umodzi. Ndi kuno kwathu, m'masiku a Bishopu Donald Arden, Aanglikani ndi a C.C.A.P. anagwirizana pa nchito ya ku Chilema, naphunzitsanso atumiki ao pamodzi ku Zomba. Abale a ku Katolika, a ku C.C.A.P. ndi ena ambiri anena Chikhulupiriro chomwe tinena ife. Tisiyana nao pa zina, koma pa mwala wa pangodya tiri amodzi.

Ndiponso ife a kuno tikhala pakati pa abale athu Asilamu, amene m'midzi yambiri achuluka kutiposa. Tikoka nao khoka limodzi, tikwatirana, tiikana maliro. Iwo sanadzitche aphunzitsi a Chikristu, ndipo nkhani iyi sinena za iwo. Koma atipenya. Mwana wao adziwa kunena chimene akhulupira. Wathu akafunsidwa chifukwa chake titcha Yesu Mwana wa Mulungu, nangoti kukamwa yasa, manyazi ali pa ife aphunzitsi. Ayenera kudziwa kuyankha, ndi kuyankha mofatsa ndi mwaulemu.

Mmene tingazindikire

Paulo potsazika akulu a ku Efeso pa doko la Mileto anawachenjeza kuti osokeretsa adzachokera kunja, ndi ena mwa iwo okha; ndipo anthu a ku Bereya anatamidwa chifukwa anayesa ndi Malembo ngakhale mau a Paulo mwini. Safunsa anadya phula. Pa mbiri imene taona, ndipereka mafunso asanu amene Mkristu aliyense akhoza kufunsa, angakhale sanapite patali ndi sukulu.

Loyamba: kodi chiphunzitso ichi chinena kuti Kristu akwanira, kapena chifuna kuonjezapo kanthu ka m'botolo, kapena munthu wina amene popanda iye sitingafike kwa Mulungu?

Lachiwiri: kodi chigwirizana ndi Malembo onse ndi Chikhulupiriro cha Eklesia wa mibadwo yonse, kapena chaima pa ndime imodzi yozulidwa pamalo pake, ndi pa loto la munthu mmodzi?

Lachitatu: kodi chindiitana kulapa zoipa zanga, kapena chindionetsa mnansi woti ndimude?

Lachinai: ndalama zipita kuti, ndipo ndani aziwerenga?

Lachisanu: lonjezo likalephera, mlandu ugwera yani? Mphunzitsi woona abvomera kulakwa kwake. Wonama anena kuti wodwalayo analibe chikhulupiriro, kapena kuti nkhalamba ina sinameze.

Mau otsiriza

Inu akatekisiti, nchito iyi iri m'manja mwanu koposa onse, pakuti wansembe afika kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi iwiri, koma inu mugona m'mudzi momwemo. Musafupikitse kalasi ya ubatizo ndi ya kulimbitsa chifukwa makolo afulumira kuchita phwando. Musakhute ndi kuloweza kokha. Funsani mwana tanthauzo, ndipo mumpatse chitsanzo cha kunyanja kapena cha kumunda. Musaseke mantha a anthu, ndiponso musawadyetse. Fikani msanga pa nyumba ya matenda, musanapambanidwe ndi wogulitsa madzi. Uzani odwala kuti pemphero ndi chipatala sizilimbana, pakuti amene anamanga guwa la nsembe ku Malindi ndi omwewo anamanga chipatala pambali pake. Ndipo mukamva kunong'ona pa dzina la nkhalamba, pitani mukakhale pakhonde pake masana, anthu onse akuona.

Inu makolo, msodzi salola mwana kupalasa bwato pa mwera asanamphunzitse pa bata. Nenani Chikhulupiriro ndi ana anu madzulo, muwerenge nao Buku, kuti tsiku limene adzamuka ku Blantyre kapena ku Johannesburg, kumene aneneri achuluka ngati nkhungu pa nyanja, adzadziwe kusiyanitsa liu la Mbusa ndi la mlendo.

Pa Jubile iyi tidzaimba ndi kudya, tidzatchula maina a mabishopu, kuyambira Mackenzie kufikira Josiah Mtekateka, mwana wa ku Likoma, amene mu 1965 anakhala bishopu woyamba wa mtundu wathu mu mpingo wathu uno, ndi amene anamtsata. Ndipo kuyenera kutero. Koma ndipempha kuti pa pemphero la oyera mtima akugona tikumbukirenso aphunzitsi a m'midzi amene maina ao sanalembedwe, monga uja anakana chikho pabwalo nasunga wamasiye m'khitchini mwake. Chimene tiri nacho lero anatisungira ndi iwo. Mulungu atipatse chisomo kuti ifenso tichipereke kwa ana athu chosasukuluka, kuti pa Jubile ikudzayo, ife titagona, apezeke pano anthu odziwa Iye amene amkhulupira.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa kumudzi.